Ulendo Umene A Ndafika Sanayende

Amuna anga ndi munthu wabwino, koma foni ikangokhala m'manja mwawo nzeru zimawathawa. Akawotcherera geti la munthu, ajambula. Akagula nsapato, ajambula. Tsiku lina anajambula chala chimene anadziwotcha kuntchito n'kuchiika patsamba lawo la mchezo, anthu n'kuyamba kuwapepesa ngati aferedwa. Ine ndimaluka tsitsi pakhonde pathu, ndipo makasitomala anga amafika akudziwa kale zochitika m'nyumba mwanga ine ndisanatsegule pakamwa.

Anzawo amawatchula kuti a Ndafika. Dzinali linayamba zaka ziwiri zapitazo, atanyamuka kupita kudziko lina lakumtunda, kumene ankati kukufunika owotcherera mapaipi. Tinawaperekeza ngati mkwati. Apongozi anga anabwera ndi azimayi a kutchalitchi kudzapemphera, amalume awo anawabwereka chikwama chamatayala, ine ndinawasokera kathumba kobisika m'kati mwa jekete. Patapita masiku ochepa, patsamba pawo panatuluka chithunzi. Anali ataima kutsogolo kwa khoma lobiriwira lolembedwa zilembo zopindikapindika zakumeneko, zala ziwiri m'mwamba, pansi pake atalemba kuti, "Ndafika." Zinatsatira zina, ali pafupi ndi malole akuluakulu, ali ndi abambo ena andevu zambiri. Utatha mwezi anabwerera, ati nyengo yakumeneko sinawayanje, koma nkhani anabwera nazo zosatha. Ngakhale tiyi anayamba kumwa wopanda shuga, ati ndi mmene amamwera kumeneko.

Zonsezi ndikanangoziseka mpaka kukalamba kukanapanda nkhani ya Kadona.

Kadona ndi mwana wathu woyamba. Anabadwa ndi kabowo pamtima. Anzake akamathamanga iye amatsatira pang'ono, kenako amanjuta pansi, milomo itada, akupuma movutika. Chaka chino madokotala anatiuza mosabisa kuti mankhwala afika polekezera, pakufunika opaleshoni, ndipo opaleshoni yoteroyo kuno sachita. Bungwe lina lothandiza ana linatipezera malo kuchipatala cha kutsidya la nyanja. Tsiku anaika, ndege analonjeza kulipira, koma anati mwana apite ndi kholo limodzi basi. Ine ndinali ndi khanda la miyezi itatu pabere, ndiye panalibe zokambirana. Opita anali bambo ake, amene analinso ndi pasipoti kale.

Tsiku lokatenga viza tinapita tonse ku ofesi ya kazembe wa dziko la chipatalacho. Pageti anatilanda mafoni n'kuwaika m'timabokosi, amuna anga n'kumangogwiragwira thumba lopanda kanthu. M'katimo munali mipando yachitsulo yolumikizana ndi mawindo agalasi okhala ndi kabowo kolankhulira. Atatiitana, amuna anga anaima kutsogolo atagwira Kadona padzanja, ine kumbuyo kwawo, khanda kumsana. Pawindo panali mayi wa magalasi, wa kwathu konkuno, wosaseka.

"Bambo, mwalemba apa kuti kudziko lakumtunda simunapondeko," anatero mayiyo. "N'zoona?"

"N'zoona, mayi."

Ndinaganiza kuti akunama dala kuti mwana apite, ndiye ndinangoyang'ana pansi ngati ndataya singano. Mayi uja anatembenuza kompyuta yake kuti tione. Khoma lobiriwira lija, zala ziwiri m'mwamba.

"Awa si inu?"

Amuna anga anayang'anitsitsa chithunzicho.

"Masamba a mchezo timawaona, bambo, ndi ntchito yathu," anapitiriza mayiyo. "Munthu amene anapondako kumeneko mabwana anga samulandira. Komanso mu pasipoti mwanu mulibe chidindo chawo. Ndiye mmene zikuonekera, munalowa mozemba, lero mwabwera kudzatinamiza. Viza ya mwana yatuluka. Yanu yaima. Ngati muli ndi umboni wina, mubwere nawo."

Tinatuluka. Pasiteji ya basi tinakhala pabenchi, Kadona atatopa n'kugona paphewa la bambo ake. Ndinadikira kuti agonedi, kenako ndinayamba.

"Bambo a Kadona, munama bwanji pamalo ngati amenewo? Simukanandiuza kuti tione pochita?"

"Sindinaname."

"Nanga pachithunzi paja ndi achimwene anu?"

"Lero sindinaname," anatero akuyang'ana nsapato zawo. "Ndinanama kale kuja. Kumeneko ine sindinafikeko."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ine ndikuchita kuikoka. Dobadoba amene anawalonjeza ntchito anawasiya padepoti m'tauni ya pamalire, mbali yathu ino, ati akukakonza mapepala. Sanabwerenso. Anadikira, njala n'kuwapeza, mpaka anayamba kunyamula matumba kwa wamalonda wina wa kudziko lakumtundalo amene ali ndi nyumba yosungira katundu m'tauniyo. Khoma lobiriwira linali kuseri kwa nyumba imeneyo. Zilembo zopindika zinali dzina la mwini wake.

"Ndikanabwerera bwanji?" anatero. "Amayi atasala kudya chifukwa cha ine, amalume atandibwereka chikwama, anthu onse aja atandibayibitsa. Ndinati ndiike chithunzi chimodzi chokha kuti mitima ikhale pansi. Anthu atayamba kuyamikira, ndinalephera kusiya."

Ndinafuna kulira, ndinafuna kuseka, ndinafunanso kuwamenya ndi chikwama cha matewera. Zaka ziwiri ndikuwapangira tiyi wopanda shuga! Koma ndinayang'ana milomo ya Kadona, ndipo ndinaona kuti nthawi yokwiya ndilibe.

Iwo anali atatulutsa kale foni. "Ndingofufuta zonse," anatero.

Ndinawalanda n'kuimbira mayi wa kubungwe amene ankayendetsa nkhani yathu. Nditamufotokozera anapuma mozama. "Asafufute chilichonse," anatero. "Ku ofesiko anazisunga kale. Mukafufuta aziti mukubisa. Pezani umboni woti zithunzizo anajambulira kuno, ndipo fulumirani. Tsiku la opaleshoni likadutsa, malowo apatsa mwana wina."

Ndinabweza foni kwa eni ake. "Mawa tikwera basi," ndinatero. "Mukandionetse khomalo."

M'mawa tinakasiya Kadona kwa apongozi. Tinawapeza akusesa, atafunda mpango wofiirira umene mwana wawo anawabweretsera paulendo uja. Mpango umenewu ankapita nawo kutchalitchi sabata iliyonse, ndipo aliyense wokhala nawo pafupi ankauzidwa kumene unachokera. Atafunsa kuti tikupita kuti, ine ndinangoyang'ana amuna anga. Anayesa kutsokomola, anayesa kuyang'ana kumwamba, koma ndinali nditaima pakhomo. Anafotokoza.

Apongozi anaimika tsache. "Ndiye mpango uwu?"

"Ndinagula pamsika wa pamalire, amayi."

"Ine kusala kudya konse kuja ndinkasalira munthu ali pompa?" Anavula mpangowo, anaupinda bwinobwino n'kuupereka kwa mwana wawo. "Tenga, ukafundire m'basi. Iwe mpongozi, pita naye. Akayamba kuzengereza undiimbire."

Basi inatenga tsiku lathunthu. Khanda linayamwa, linagona, linayamwanso. Amuna anga anakhala chete njira yonse, chinthu chimene sindinachionepo chikwatiwire. Tinagona panyumba ya alendo yonunkha mankhwala ophera nsikidzi, m'mawa n'kuyamba kuyenda. Tinadutsa malole ataima pamzere, amayi ogulitsa madzi, anyamata osintha ndalama akutiitana mbali zonse. Kenako tinakhota kanjira kamatope, ndipo khoma lija linali pamenepo. Utoto unali utayamba kusupuka. Kumanzere kwake kunali chimbudzi cholipiritsa, kumanja shopu yogulitsa mayunitsi, ndipo pamwamba pa shopuyo panali mbendera yathu.

"Imani pomwe munaima," ndinatero.

Anaima.

"Zala."

"Mayi a Kadona, anthu akuona."

"Kale kuja simunkafuna kuti aone? Zala m'mwamba."

Anakweza zala ziwiri, nkhope ili pansi. Ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka chimbudzi, shopu ndi mbendera zonse zinalowa m'chithunzi. Ndinajambula kambirimbiri. Tinapita pamene panali malole, ndinajambulanso. Chithunzi chilichonse cha patsamba pawo tinachisaka malo ake, ndipo malo onse anapezeka m'kanjira kamodzi komweko.

Mwini nyumba yosungira katundu tinamupeza atakhala pamatumba a simenti, bambo wamkulu thupi wa ndevu zoyera, wolankhula chinenero chathu mokhotetsa lilime. Atangowaona amuna anga anaomba m'manja. "Ha, wojambula uja! Thumba limodzi, chithunzi. Thumba lina, chithunzi!" Nditamuuza kuti anthu kwathu amadziwa kuti munthuyu anakafika kwawo, anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana antchito ake kuti adzamve nawo. Ndinamusiya aseke. Atamaliza ndinamuonetsa chithunzi cha Kadona ali pabedi la kuchipatala ndi kapaipi m'mphuno, n'kumuuza chimene tabwerera. Anasiya kuseka. Anavala jekete, anatseka ofesi, n'kupita nafe kupolisi kukalumbira kuti mwezi wonse uja munthuyu ankanyamula matumba kwa iye ndipo malire sanadutse.

Pobwerera m'basi ndinawapatsa amuna anga foni, nditatsegula chithunzi cha chimbudzi ndi mbendera.

"Munayambira pamenepa," ndinatero. "Mayi wa pawindo uja akatsegulanso tsamba lanu apeze zoona."

Anaigwira foniyo nthawi yaitali. Kenako analemba kuti kudziko lija sanafikeko, ananamiza abale ndi anzawo chifukwa cha manyazi, ndipo akupepesa. Basi isanafike patali foni inayamba kulira. Ena ankaseka, ena ankatukwana, wina anafunsa ngati chala chija anapsadi. Anaizimitsa n'kuiika m'chikwama changa. Kunena zoona ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawagwira dzanja mpaka anagona.

Tinabwerera pawindo paja ndi zonse, zithunzi titazisindikiza papepala. Mayi wa magalasi anayang'ana zithunzi zakale ndi zatsopano moyandikanitsa, anawerenga pepala la kupolisi, anatsegulanso tsamba lawo. Pachithunzi cha chimbudzi ndinaona milomo yake ikufuna kumwetulira, koma anadzigwira.

"Bambo, ine ndakukhulupirirani," anatero. "Koma nkhani yanu inachoka kale m'manja mwanga. Dzina likangokhudzana ndi dziko limenelo limatumizidwa kulikulu, ndipo kumeneko amafufuza okha. Umboniwu nditumiza lero lomwe. Yankho limatenga miyezi."

"Miyezi?" anatero amuna anga. "Mayi, opaleshoni ili mwezi wamawa. Ndagwira mwendo wanu. Ndilangeni ine, mwana sanalakwe."

"Sindikulanga munthu, bambo. Mphamvu imeneyo ndilibe."

Amuna anga anatsamira pagalasi. Anthu a pamipando onse anali kumvetsera. Ndinawakankhira pambali pang'ono n'kuika pakamwa panga pakabowo paja.

"Nanga ine?"

Mayiyo anandiyang'ana, anayang'ananso kamutu kamene kanali kusuzumira kumsana kwanga. "Muli ndi pasipoti?"

"Ndikhala nayo."

"Tsamba la mchezo muli nalo?"

"Ndili nalo. Muli mitu ya anthu yokhayokha, yojambulidwa chakumbuyo. Ndimaluka tsitsi."

"Mukabwera ndi pasipoti, ine ndikuthandizani msanga," anatero. "Koma khandalo afunseni a kubungwe."

Ndinawafunsa tisanachoke pageti. Yankho ndinkalidziwa kale. Kholo limagona m'chipinda cha odwala pafupi ndi mwana, ndipo makanda salowamo. Ulendo wake ndi wa miyezi iwiri, mwina kupitirira, malinga ndi mmene mtima ukuchirira. Ndinayang'ana ana anga awiri, wina akuyamwa chibakera kumsana, wina atanjuta pansi pafupi ndi geti chifukwa choyenda kuchokera pakhomo la ofesi. Zinandiwawa kwambiri, koma sindinachedwe kusankha.

Ku ofesi ya mapasipoti ndinasanduka katundu wa pamenepo. Ndinkafika asanatsegule, n'kukhala pabenchi yoyang'anizana ndi chitseko cha bwana, mapepala a kuchipatala pamiyendo. Akandiuza kuti bwerani mawa, ndinkayankha kuti mawalo ndilidikira pompano. Alonda anandizolowera mpaka kumandisungira malo. Tsiku lina bwanayo potuluka anaima n'kufunsa kuti mayi awa vuto lawo n'chiyani, ndipo ndinamufotokozera ndili chiimire, anthu onse akumva. Sabata yotsatira pasipoti inatuluka. Mayi wa magalasi anasunga mawu ake.

Chovuta chinali kunyumba. Khanda linakana botolo. Likangolawa mphira ija linkapotoza khosi n'kukuwa mpaka kufiira. Anamwino anatiuza kuti mwana akamamva fungo la mayi ake sangalole, ndiye ine ndizituluka, womwetsa akhale bambo. Ndinkakhala pakhonde ndikuluka kasitomala, m'nyumba mwana wanga akulira, mabere akundiwawa, zala zanga zikungoyenda zokha m'tsitsi la munthu. Kangapo ndinaimirira kuti ndikamutenge, n'kukhalanso pansi. Pawindo ndinkawaona amuna anga akuzungulira pabalaza, mwana pachifuwa, akumuimbira nyimbo zopanda mutu. Kuntchito anasiya kaye. Anaphunzira kuwiritsa mabotolo, kuyeza mkaka wa m'chitini, kudontheza padzanja kuti aone kutentha. Apongozi ankabwera kudzayang'anira, osathandiza, ati munthu wodziwa zakunja sangalephere thewera.

Masana ena kulira kunangoleka. Ndinasiya tsitsi la kasitomala pakati n'kusuzumira. Mwana anali kuyamwa botolo, maso ali kwa bambo ake. Ndimayenera kusangalala, ndipo ndinasangalaladi, koma ndinapita kuseri kwa nyumba n'kulira kaye ndisanabwerere kudzamaliza mutu uja.

Tsiku lonyamuka tinapita kubwalo la ndege ndi galimoto ya kubungwe. Ine ndege ndinkangoiona m'mwamba. Chinenero cha kumene tinkapita sindidziwa ngakhale moni. Ndinali nditamanga mabere ndi nsalu m'kati mwa bulauzi monga anandilangizira anamwino. Kadona anamukhazika panjinga ya odwala, atavala juzi yatsopano, akufunsa mafunso osatha. Pakhomo pamene operekeza amalekezera tinaima.

"Mayi a Kadona," anatero amuna anga, mwana ali m'manja, "malo amenewa anali anga. Mundikhululukire."

"Madzi muziwiritsa kaye," ndinatero. "Akayamba kutentha thupi musadikire amayi, thamangani naye kuchipatala. Tsiku la sikelo musaphonye."

"Ndamva."

Anagwada n'kumupsompsona Kadona pachipumi, anamuuza kuti akamvere madokotala. Ine ndinati ndimugwire khanda kamodzi komaliza, ndipo kumeneko ndiye kunali kulakwitsa. Atangomva fungo langa anatembenuza mutu n'kuyamba kufunafuna pachifuwa ndi kamwa. Ndinamuchotsa, anagwira kolala ya bulauzi. Ndinamasula tizala take kamodzikamodzi n'kumubweza kwa bambo ake, iye n'kuyamba kukuwa.

Mkaka unatuluka nthawi yomweyo, unapyola nsalu, unanyowetsa bulauzi yonse kutsogolo. Mlonda wa pakhomo anali atatambasula kale dzanja kufuna mapasipoti. Ndinamupatsa onse awiri.

"Amayi, mwana akulira," anatero Kadona akuyesa kucheuka.

"Ndamumva," ndinatero. "Yang'ana kutsogolo."

Ndinagwira zogwirira za njinga ija ndi manja onse awiri n'kukankha.